Mphamvu ya Ng'ona Ili Kumchira: Katundu wa Nkhondo Kale ndi Lero

Bokosi la zipolopolo lopita kunkhondo ya kumpoto kwa nyanja yathu m'chaka cha 1916 linkayenda ulendo woti munthu wa lero atha kutopa pongoumva. Linkatsika m'sitima yaikulu kunja kwa doko la Chinde, pamathiriro a Zambezi, poti mchenga sunkalola sitima za panyanja yamchere kulowa. Kuchoka apo linkakwera sitima ya mumtsinje, yoyendera nkhuni, mpaka ku Chindio. Amuna ankalitsitsa n'kulikweza m'sitima ya panjanji yodzera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, n'kukwera zitunda mpaka ku Limbe. Njanji inkathera ku Blantyre, choncho bokosi lija linkalowa m'kalole kapena m'ngolo, kudutsa ku Zomba, kutsetsereka mpaka ku Fort Johnston, Mangochi wa lero. Kumeneko linkadikira sitima ya Guendolen, Chauncy Maples kapena Domira kuti ilifikitse ku Karonga, ku Mwaya, mwinanso ku Wiedhafen tsidya lija, komwe tsopano ndi ku Manda. Likafika pagombe, makina onse ntchito yawo inkathera pomwepo. Kutsogolo kunali mapiri a Livingstone ndi tinjira ta mbuzi topita ku Njombe ndi ku Songea. Bokosilo linkakwera pamutu pa munthu.

Nkhondo ya Mngelezi ndi Mjeremani kuno kwathu inayambira pa nkhani ya njira yomweyi. Mu Ogasiti 1914, nkhondo itangolengezedwa ku Ulaya, Kaputeni Rhoades anatenga Guendolen n'kukapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhaven, Liuli wa lero, akuikonza. Anaiombera n'kuilemaza. Kankhondo kameneko kanali kakang'ono, koma kuyambira tsikulo nyanja yonse inasanduka msewu wa Mngelezi yekha. Mzinga wa Guendolen ukadalipo ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo ambiri amaudutsa osaucheukira n'komwe. Jenerale Edward Northey atayamba kulowa m'dziko la Ajeremani mu Meyi 1916, chimene chinkadyetsa asilikali ake ndi nyanja imeneyi pamodzi ndi makosi a anthu a kuno.

Anthuwo anali amtengatenga. Nyasaland ya nthawiyo inali ndi anthu ongopitirira miliyoni imodzi. Mwa iwo, pafupifupi 19,000 anagwira mfuti, pomwe oyandikira 200,000 anasenza katundu. Wina angafunse kuti bwanji sankagwiritsa ntchito ng'ombe, abulu ndi akavalo. Anayesa. Jenerale Smuts anabwera nazo zikwizikwi kuchokera ku South Africa, koma kashembe ndi nthenda za akavalo zinazimaliza m'miyezi yochepa. Malole analipo, koma mvula ikagwa misewu yolimidwa ndi makasu inkasanduka phala. Chotsala chinali munthu.

Masamu a mtengatenga ndi osavuta, komanso ndi ankhanza. Mtolo wake unkalemera makilogalamu ngati 25. Pa tsiku ankayenda makilomita 20 kapena 25, ndipo kuti ayende chonchi ankayenera kudya phoso la kilogalamu imodzi kapena kuposerapo. Ndiye werengani nokha. Akasenza ufa wokhawokha n'kuyenda masiku 12 kupita, masiku 12 kubwerera, ufa wonse wathera m'mimba mwake, msilikali uko sanalandire ngakhale chipande chimodzi. Ulendo ukatalika pankafunika amtengatenga osenzera chakudya amtengatenga anzawo, enanso osenzera osenzawo. Wolemba mbiri Edward Paice anafotokoza za njira ya ku Northern Rhodesia, yochokera kunjanji kupita kumalire akumpoto, ya makilomita oposa 700: kuti tani imodzi ifike kwa asilikali tsiku lililonse pankafunika amtengatenga 16,500, ndipo 14,000 mwa iwo ankangosenza chakudya cha mulendo momwemo. N'chifukwa chake Angelezi anatsegulanso njira ya mabwato kudzera m'madambo a Bangweulu. Bwato silidya ufa.

Pamene chakudya chaperewera, woyamba kuchepetseredwa phoso sankakhala msilikali. Amtengatenga ankafa ndi kamwazi, malungo, chibayo chogwidwa nacho m'mapiri ozizira atangofunda kansalu kamodzi, ndi zilonda za matekenya. M'nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa, kumbali ya Angelezi kokha, amtengatenga amene imfa zawo zinalembedwa ndi pafupifupi 95,000. Amene anafera panjira yobwerera kwawo, kapena atafika kale kumudzi, sanalowe m'kaundula.

Kumudziko nako kunali nkhondo yake. Amesenjala a boma ndi apolisi ankafika usiku, mfumu italamulidwa chiwerengero cha amuna choti ipereke. Mwamuna akathawa ankagwira mkazi wake mpaka mwiniwake adzipereke. Ena ankagona m'mapiri, ena kumanda ndi kudambwe, ena kuolokera kwa Apwitikizi. Minda inagonera, nkhokwe zinagulidwa mokakamiza, kenako mu 1918 fuluwenza anabwera motsata njira zomwe zija za katundu. John Chilembwe anali ataziona zikubwera. Kumapeto kwa 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a kuno akufera nkhondo yomwe sadziwa mutu wake. Mu Januwale 1915 anaukira boma.

Palibe munthu wanzeru amene angalakelake kuti masiku amenewo abwerere. Chimene ndimachisowa ine ndi akuluakulu omwe ankaidziwa nkhondo ndi khosi lawo. Amene tinakula kukadali nkhalamba za nkhondo ya Chiwaya, monga ankaitchulira nkhondoyi, kapena ana awo amene anamva nkhaniyo pamoto, tikukumbuka kuti iwo akamasimba sankayambira pa mfuti. Ankayambira pa njala, pa nkhata yophwanyika, pa chikoti cha kapitawo, pa mtsinje womwe unakokolola anzawo ndi katundu yemwe. Ukawauza kuti gulu lakuti n'lamphamvu, funso lawo linali lakuti: nanga akudya chiyani, ndipo chikuchokera kuti? Melvin Page, yemwe anayendayenda m'midzi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 kucheza ndi otsala a nkhondoyi, anachita bwino kufulumira. Lero onse anagona. Tatsala ndi malipenga, mganda ndi beni, magule okoma omwe amatsanzira pelete, yunifolomu ndi sitepe ya msilikali. Gule wotsanzira munthu wosenza bokosi sindinamuonepo. Ngakhale chipilala chachikulu cha ku Zomba n'cha asilikali a King's African Rifles (KAR).

Mdani wa Angelezi, mkulu wa asilikali a Ajeremani Paul von Lettow-Vorbeck, analibe Chinde wake. Nyanja yamchere inali m'manja mwa Angelezi, ndipo Ajeremani atayesa kumutumizira katundu wa matani 15 pa chibaluni chachikulu cha Zeppelin mu Novembala 1917, chinakabwerera chili pafupi ndi Khartoum. Iye anasankha kudyera m'nkhokwe za adani. Mwezi womwewo anaoloka Ruvuma n'kugonjetsa Apwitikizi ku Ngomano, komwe anatola mfuti, zipolopolo ndi chakudya. Mu Julayi 1918 anachitanso chimodzimodzi ku Namacurra, pafupi ndi Quelimane. Anazungulira mpaka kukalowa ku Kasama, ndipo anakatula zida ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918, milungu iwiri nkhondo itatha kale ku Ulaya. Mabuku ambiri a azungu amamutama kuti anali katswiri. Ukatswiriwo unkadya minda ya anthu a ku Tanzania ndi Mozambique, ndipo komwe wadutsa kunkatsala njala.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inasintha zambiri. Asilikali a KAR a kuno atalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, mvula ikukhuthuka, chakudya chawo chochuluka chinkagwa kuchokera kumwamba, choponyedwa ndi ndege za Dakota. Chaka chomwecho ku France malole pafupifupi 6,000 a Red Ball Express, oyendetsedwa makamaka ndi Amereka akuda, ankathamanga usana ndi usiku kuperekera mafuta magulu omwe anali atasiya madoko kutali. Injini inalowa m'malo mwa khosi. Koma injini nayo ili ndi mimba, ndipo masamu aja sanasinthe: lole yonyamula petulo imamwa petulo yemweyo panjira.

Lero mimbayo yakula koopsa. Kasinja wa Abrams wa Amereka amalemera matani oposa 60, thanki yake imalowa malita pafupifupi 1,900, ndipo akayenda makilomita 400 mafuta atha. Chipolopolo chimodzi cha mzinga wa mamilimita 155 chimalemera makilogalamu oposa 40, kutanthauza kuti amtengatenga awiri akanagawana chimodzi. M'miyezi yotentha ya 2022 akatswiri ankayerekeza kuti Russia ikuwombera zipolopolo zoterezi 20,000 kapena kuposa pa tsiku ku Ukraine. Zimenezo ndi matani oposa 800, mitolo ya amuna oposa 30,000, tsiku limodzi lokha, osawerengera dizilo, mankhwala, matayala, mabatire ndi nsapato. Kale gawo lalikulu la katundu wa nkhondo linali chakudya. Lero chakudya ndi kagawo kakang'ono, chochuluka ndi mafuta ndi zipolopolo, ndipo zimenezi sungazilande m'nkhokwe ya mlimi. Lettow-Vorbeck wa lero angakhale ndi nyemba zambiri koma akasinja ake ali chiimire.

Dziko lonse linaziona zimenezi kumapeto kwa Febuluwale 2022. Zithunzi za pasetilaiti zinaonetsa mdipiti wa galimoto zankhondo za Russia wotalika makilomita oposa 60 kumpoto kwa Kyiv. Ambiri tinkati mzindawo wapita. Koma mdipitiwo unangoima. Kunja kwa tala kunali matope, milatho ina inali itaphulitsidwa, mafuta ndi chakudya zinkalephera kufika kutsogolo chifukwa msewu unali utadzaza ndi galimoto zawo zomwe, ndipo Ukraine inkasankha dala kuwombera matankala. Gulu lankhondo la Russia linamangidwa modalira njanji, ndipo likatalikirana ndi siteshoni malole ake samakwanira. Pofika kuchiyambi kwa Epulo anali atachoka m'dera lonselo. Akuluakulu anati mphamvu ya ng'ona ili kumchira. Asilikali amakono nawo amalitcha mchira khamu lonse la madalaivala, amakaniko, osunga nkhokwe ndi ophika lomwe limatsatira munthu wa mfuti, ndipo m'magulu a mayiko olemera khamu limeneli limachuluka kuposa omenya nkhondowo.

Chimene chasinthiratu n'chakuti mchirawo tsopano ulibe pobisala. M'masiku a Northey, kuti mdani adule njira ya katundu ankayenera kutuma anthu oyenda pansi milungu ingapo kuti akabisalire ulendo. Lero nkhokwe ya zida imaoneka kuchokera kumwamba, ndipo foni ya msilikali mmodzi wosasamala imaulula pomwe ili. Ukraine italandira mizinga ya HIMARS mu Juni 2022, yofika makilomita pafupifupi 80, inayamba ndi nkhokwe za zipolopolo. Russia inakakamizika kuzisunthira kutali, ulendo wa lole iliyonse n'kutalika. Ku Kherson anaboola mlatho wa Antonivskyi mobwerezabwereza mpaka galimoto zolemera zinaleka kudutsapo. Asilikali a Russia omwe anali tsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Dnipro anatsala akudalira mapantoni, ndipo mu Novembala 2022 anausiya mzindawo popanda nkhondo ya m'misewu. Mwezi umodzi zimenezi zisanachitike, pa 8 Okutobala, mlatho wa Kerch wolumikiza Crimea unali utaphulitsidwanso pa chifukwa chomwecho.

Kutsitsa ndi kukweza kuja kwa pa Chinde ndi pa Chindio nakonso sikunathe. Zida zambiri zopita ku Ukraine zimatera pabwalo la ndege la Rzeszów ku Poland. Njanji ya ku Poland ndi yotambalala mamilimita 1,435, ya ku Ukraine 1,520, choncho pamalire katundu amasamutsidwa kapena mabogi amasinthidwa mateyala. Ndipo njira ya lero siyambira padoko, imayambira kufakitale. Nkhondo isanayambe, Amereka ankapanga zipolopolo za mamilimita 155 zokwana 14,000 pa mwezi, zomwe ku Ukraine zikanatha m'masiku owerengeka. Russia nayo inakagogoda ku North Korea kufuna zipolopolo ndi ku Iran kufuna madroni. Amereka omwewo anaphunzira ku Afghanistan kuti chuma sichifupikitsa msewu: Pakistan itatseka zipata za Torkham ndi Chaman kuyambira Novembala 2011 mpaka Julayi 2012, katundu wa NATO anayenera kuzungulira kudzera ku Russia ndi mayiko a pakati pa Asia, pa mtengo wokwera kangapo.

Amalawi a msinkhu wanga safunika kuwaphunzitsa zimenezi m'kalasi. M'zaka za m'ma 1980, pa nkhondo ya ku Mozambique, gulu la Renamo linadula njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, dziko lopanda doko n'kutsala likupuma ndi mphuno imodzi. Feteleza ndi mafuta zinkachokera ku Durban pamsewu. Madalaivala a malole ankasonkhana pa Zobue kapena pa Nyamapanda kudikira asilikali a Zimbabwe kuti awaperekeze podutsa ku Tete, ndipo m'mbali mwa msewu munali mafupa a malole otenthedwa. Kuyambira 1987 asilikali athu anakalondera njanji ya Nacala, ena n'kutsala komweko. Nkhondoyo sinali yathu, koma mtengo wa mchere ndi sopo m'golosale unkatiuza tsiku lililonse mmene ikuyendera, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992.

Chodabwitsa cha zaka zaposachedwa n'chakuti munthu wosenza wabwereranso. Madroni ang'onoang'ono, otsika mtengo kuposa njinga yamoto, adzaza mumlengalenga mwa Ukraine kotero kuti galimoto iliyonse yoyenda makilomita 10 kapena 15 omaliza kufika kumaenje a asilikali imakhala ikusakidwa. Misewu ina aiphimba ndi maukonde. Lole imasiya katundu patali, kenako amuna amabereka madzi, zipolopolo ndi mabatire n'kuyenda pansi usiku kapena kukachita nkhungu. Kwina madzi ndi buledi zimaponyedwa ndi droni, kwina zimapita pa kangolo ka makina koyendetsedwa ndi munthu ali kutali. Mu 2025 zinamveka kuti magulu ena a Russia ayamba kugwiritsa ntchito abulu ndi akavalo, ndipo anthu pa intaneti anaseka. Ine sindinaone choseketsa. Bulu safuna dizilo, ndipo amadutsa m'nkhalango momwe lole singalowe. Kusiyana kwake n'kwakuti wosenza wa lero ndi msilikali, ali ndi nambala, malipiro ndi dzina m'kaundula, ndipo akafa abale ake amalandira uthenga. Wa 1916 ankalembedwa ngati chiwerengero cha mudzi wakuti.

Palinso china chimene chinatayika, ngakhale kuchitchula kumandivuta. Kale njira ya katundu inkadutsa pakhomo pa anthu, ndipo aliyense ankaona ndi maso ake kuti nkhondo imadya chiyani. Lero imadutsa m'makontena otseka, m'makampani a makontirakiti ndi m'makompyuta. Nzika ya dziko lomwe likumenya nkhondo kutali itha kukhala zaka khumi osaona ngakhale lole imodzi. Zimenezi zapulumutsa makosi ambiri, ndipo tiyenera kuyamika. Koma zapangitsanso kuti atsogoleri ndi anthu awo azilankhula za kutumiza asilikali mopepuka, poganizira za mbendera ndi pelete ya pabwalo la ndege, funso la nkhalamba zija osalifunsa.

Ife tomwe tinakumana nalo funsolo posachedwapa. Asilikali a Malawi, South Africa ndi Tanzania anatumizidwa ndi SADC kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo kumapeto kwa 2023. Njira yawo yaikulu yolandirira katundu ndi kutulutsira ovulala inali bwalo la ndege la Goma. Mu Januwale 2025 gulu la M23 linatseka misewu yolowera mumzindawo, linalanda Sake, kenako Goma ndi bwalo lake. Asilikali atatu a Malawi anaphedwa m'nkhondo za mweziwo, pamodzi ndi anzawo 14 a ku South Africa. Otsalawo anakhala m'misasa yawo milungu yambiri, mfuti ali nazo, koma madzi, chakudya ndi njira yotulukira zili m'manja mwa omwe ankamenyana nawo. Mu Malichi atsogoleri a SADC anathetsa ntchitoyo. Bwalo la ndege linali lisanatsegulidwe, choncho kuyambira kumapeto kwa Epulo zida ndi asilikali zinayamba kutuluka pamsewu, kudutsa m'dziko la Rwanda, mpaka ku Chato ku Tanzania, komwe anapitiriza ulendo wobwerera kwawo.